Zopondera Zinayi, Apongozi Amodzi

Lolemba

Apongozi akubwera Loweruka. Mayo ine!

Uthenga wafika ndi lole ya khofi, ndipo akazi anga Anambewe andiuza ndisanavule n'komwe nsapato. Amayi awo akunyamuka ku Ntcheu sabata yomwe ino. Adzatsikira pa Kapoka, pamene msewu wathu wa ku Misuku umapatukira. Sakubwera kudzationa ayi. Akubwera kudzatenga mwana wawo kuti akachirire kumudzi. Mimba yoyamba, mwezi ukubwerawu. Akuti kuno ndi kumathero a dziko, mapiri okhaokha, kachipatala kathu n'kakang'ono, nanga zitavuta munthu angamunyamule pa chiyani kupita naye ku Boma?

Pa chiyani! Ine mlangizi wa khofi, njinga yamoto ya boma ili pakhondepo, yofiira, magalasi mbali zonse ziwiri!

Anambewe akangopita, zanga zada. Tchuthi changa chili kutali, ulendo wake ndi wogona panjira. Mwana ndidzamupeza akukwawa, akundithawa ngati wa katemera. Sindikufuna. Ndikulemba pano kuti ndisadzakane mawa: sindikufuna m'pang'ono pomwe.

Pulani ndi iyi. Ndikawatenga ndekha pa Kapoka. Ndikwera nawo mapiri onsewa mwamyaa, osagwedezeka, kuti potsika pakhomo anene ndi pakamwa pawo kuti iyi si njinga, ndi ambulansi.

Malamulo ake, monga andiuzira Anambewe uku akusenda nthochi:
– Amayi sakhala motangadza. Akhala cham'mbali, mapazi onse kumanzere.
– Sangandigwire. Ndi liti mpongozi anagwira mkamwini m'chiuno?
– Msana wanga usawakhudze.
– Ndisawayang'ane, ngakhale pagalasi.
– Ndisatsokomole mwachipongwe. (Kutsokomola mwachipongwe n'kotani? Sanandiyankhe.)

Chikwatirire sindinawaonepo bwinobwino mayiwa. Ndimadziwa mapazi awo ndi mawu awo, basi. Tikakumana panjira kumudzi, ine ndimalowera tchire ili, iwo ilo, moni n'kumapatsa mitengo.

Masana. Ndatsuka njinga mpaka ndikudziona pathanki. Ndamangirira thumba la chimanga kumbuyo, chopingasa, kuti likhale apongozi. Ulendo wa kumphepete kwa nkhalango ya Mughese n'kubwerera. Thumba lakhala mwaulemu kwambiri. Pa kona ina ya pa munda wa nthochi ndapendeketsa njinga pang'ono, ndiye ndamva khwee! Chopondera chakumanzere, kachitsulo kovala labala kamene phazi limakhalapo, chakhudza pansi. Njingayi ili nazo zinayi, ziwiri zanga kutsogolo, ziwiri za wokwezedwa kumbuyo.

Kunena zoona, mtima wanga wakoma. Ku kosi ya njinga ankati amene amakhudzitsa chopondera pansi ndi akatswiri okhaokha. Ndafika ndikuimba mluzu.

Anambewe akuti, "Thumba silichita mantha, bambo. Amayi amachita."

Lachiwiri

Ndikufuna thumba lochita mantha.

Ndawapeza: a Sibale, aneba athu, alonda a nkhalango ya Mughese. Munthu wathupi, akakhala pa benchi ya kutchalitchi mbali inayo imadzuka. Ndawasankha dala. Mawu a apongozi amamveka kutsidya kwa dambo, ndiye munthu wa mawu otero sangakhale wochepa thupi.

Ndawafotokozera zonse. Akuti, "Palije suzgo, alangizi. Apongozi ndine."

Abwera atakonzeka. Duku kumutu, chikwama cha azimayi pamiyendo, ndi nsalu ya akazi awo m'chiuno. Ndikuyang'anitsitsa nsaluyo: ndi ya nkhope ija, ya pa misonkhano ya chipani! Mwamuna wandevu, nsalu ya nkhope, njinga ya boma! Tikadagona ku Boma lero, ndipo sindikudziwa tikadatuluka chaka chanji. Ndawakokera m'nyumba msangamsanga, Anambewe awabwereka yawo yamaluwa. Iwo akudandaula kuti yamaluwa sikuwakhala.

Vuto la a Sibale ndi lakuti ntchito akuitenga mozama. Ndikawafunsa ngati akhala bwino, zii. Akuti mpongozi sayankha. Ayamba nyimbo ya maliro tisanatuluke n'komwe pabwalo.

Tsono pa kona njinga imafuna kuti nonse mupendekere kumene ikukhotera. Ndawauza kawirikawiri. Avomera. Tafika pa nthochi paja, ine ndikupendekera kumanzere, iwo akudziponya kumanja ndi thupi lonse, akuti akuthawa msana wanga. Njinga yasokonezeka, sikudziwa womumvera, ikulunjika kuphompho. Ine kuti tipulumuke ndaigoneka kwambiri. Khweeeee! Chopondera chalima msewu mzere wautali, woti n'kudzalamo nyemba.

Labala wake watsala pomwepo. Chitsulo chapindikira kumbuyo. Chala changa chachikulu chikuwawa m'nsapato.

Ndawakalipira. Iwo ayankha modekha, "Mukufuna apongozi enieni panji apongozi a boza?"

Akunena zoona, apongozi enieni adzachita chimodzimodzi. Ndiye thupi langa liphunzire: kona yakumanzere ikafika, goneka njinga mwamphamvu, usadikire. Tabwereza mpaka dzuwa kupendeka. Msewu wonse wa ku Mughese uli mizeremizere.

Alimi a ku Chipala ndimayenera kukawaonetsa kadulidwe ka khofi lero. Khofi adikire, sakupita ku Ntcheu.

Lachitatu

Kwa Fundi m'mawa. Ndi amene amakonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo pamsika, ntchito anaiphunzira kutsidya ku Tanzania. Amakhomanso zidebe ndi mbaula. Wachiyang'ana chopondera changa nthawi yaitali ngati dokotala, kenaka nyundo. Gwa! Gwa! Chawongoka, komabe chikuoneka chodwala.

Akuti, "Pole pole, bwana. Chitsulo ichi chatopa."

Chatopa bwanji Lachitatu lokha?

Tikudutsa pamsika ndi a Sibale atavala zawo zija, mkono wakwezedwa pakati pa msewu. Atcheyamani a nthambi, ndi anyamata awo awiri. Akufuna makadi a chipani. Tatulutsa, ali bwinobwino. Iwo akuyang'ana khadi, akuyang'ana duku, akuyang'ananso ndevu. Akufuna kudziwa ngati tikunyoza amayi a dziko lino.

Ndafotokoza zonse kuyambira pa mimba. A Sibale osathandiza n'komwe, angozolika, akuti mpongozi salankhula pagulu.

Atcheyamani apukusa mutu mwachisoni. Iwo akuti ali ndi apongozi awiri, akudziwa. Nkhani ya makadi yathera pomwepo, yasanduka msonkhano wa uphungu. Msika wonse wasiya malonda.

Malangizo amene ndalandira:
– Ndiike mtsamiro pakati pa ine ndi iwo (atcheyamani).
– Ndiwamange ndi chingwe ku kaliyala (wogulitsa usipa, sanakwatirepo).
– Ndiwamwetse kaye mowa wa chipumu pa Kapoka kuti mantha athe.
– Ndiziwatsitsa pa kona iliyonse, aziyenda pansi, n'kukweranso. Msewu wa Kapoka ndi makona okhaokha! Tidzafika mwana atabadwa.
– Mayi wina wa tomato akuti ndingowasiya akazi anga apite, amuna onse amatero. Ameneyu sindidzamugulanso tomato.

Tayesa za mtsamiro. Kuti ukwane, ine ndakhala pathanki penipeni, mawondo m'zigongono. Kona yoyamba bwino. Yachiwiri bwino. Pa nthochi paja a Sibale adziponya monga mwa nthawi zonse, ine ndagoneka, mwala unabisala m'fumbi. Thyo!

Phazi langa lili m'malere. Chopondera chauluka, chalowa m'nthochi. Tafunafuna osachipeza, mwini munda watithandiza, kenaka watipatsa phava la nthochi kuti tizipita.

Ndabwerera mwendo uli lende ngati wa dzombe. Zatsala zitatu.

Anambewe aseka mpaka kugwira mimba ndi manja awiri. Ndawaletsa, ndati mubereka lero. Akuti bwenzi zili bwino, amayi akanapeza nkhani yatha.

Lachinayi

Fundi sasowa nzeru, ndiye vuto lake.

Nzeru yoyamba: pedulo ya njinga yakapalasa. Waimanga bwino, ikuoneka yokongola. Koma pedulo ndi pedulo, ntchito yake ndi kuzungulira. Ndikati ndisinthe giya, yazungulira, phazi psiti! chidendene pansi. Ana a sukulu akufuula kuti alangizi akupalasa njinga yamoto.

Nzeru yachiwiri, ndipo iyi ndaiwombera m'manja: poti apongozi mapazi awo onse adzakhala kumanzere, chopondera chakumbuyo chakumanja chilibe ntchito. Wachimasula, wachisamutsira kutsogolo. Bawuti sakugwirizana ndi bowo, ndiye wamaliza ndi waya. Akuti waya ameneyu anamangapo lole ku Isoko. Sindinafunse ngati loleyo inafika.

Masana ndi a Sibale. Lero awonjezera zina: akumakuwa "Yesu wane!" kona isanafike, kuti ndizolowere. Ndipo ndikuzolowera ndithu. Thupi langa tsopano likudziwa lokha, kona yakumanzere ikangoonekera, njinga pansi, waya uja akulira khwee, tadutsa. Ndayamba kudzimva kuti Loweruka ndipambana.

Kenaka mbuzi. Yatulukira pa kona penipeni, yaima pakati n'kumatiyang'ana. Ine buleki. A Sibale mantha enieni tsopano, osati a sewero, aimirira ndi mapazi onse awiri pa kachopondera kamodzi kakumbuyo kaja. Kachitsulo kosalakwa. Thyo!

Ndikucheuka, kumbuyo kulibe munthu. Apongozi anga akhala pakati pa msewu, miyendo tambalale, duku lili kumaso, mtsamiro m'manja. Mbuzi ikununkhiza chikwama.

"Alangizi," akutero, "mwana wanu ndamutenga. Tikupita ku Ntcheu."

Ndaseka, n'kupita kukawadzutsa.

Zatsala ziwiri, china chenicheni, china cha waya. Kumbuyo kulibe n'chimodzi chomwe. Apongozi adzaponda pati? Fundi akuti thabwa. Wachotsa kathabwa pa bokosi la sopo, wakamanga ndi malaba a chubu. Mawu a sopo akuonekabe, ndawapaka matope.

Ndikuganiza za bwana wa ku Boma akadzabwera kudzayendera njinga. Ayi, ndisaganize. Mutu umodzi, bwana mmodzi, ndipo sabata ino bwana ndi apongozi.

Lachisanu

A Sibale atula pansi udindo. Akuyenda chotsimphina, akukhala ndi mbali imodzi. Akazi awo abwera okha kudzabweza nsalu yamaluwa, yochapa, yopinda bwino. "Mwaghona, alangizi. Amuna anga ndawalanda." Akuti ana m'njira akuwaitana kuti agogo aakazi, ndipo anthu okaba nkhuni m'nkhalango sakuwaopanso.

Ndawapititsira shuga pang'ono wopepesera. Andigwira dzanja nthawi yaitali, akuti anandikonda ngati mkamwini.

Ndapita ndekha kukaona alimi aja, manyazi andigwira. Pobwerera, ndilibe katundu, ndilibe munthu, thupi langa lagoneka njinga lokha pa kona yakumanzere. Waya wa lole uja wamasuka. Chopondera ndachimva chikugubuduka kutsetsereka, ngwe, ngwe, ngwe, mpaka kumtsinje.

Chatsala chimodzi. Chakumanja. Ndachisisita.

Fundi wayang'ana uku ndi uku m'zitsulo zake, palibe. Ndiye maso ake agwera pa mpope wanga wakufa wopopera khofi umene ndinamusiyira kuti akonze. Wachotsa mkono wake wopopera uja, chitsulo cholimba kwabasi, wachilowetsa pabowo, wakhoma, mpopewo n'kundibwezera. Ichi ndiye sichingathyoke ngakhale njovu itapondapo. Koma ndi chachitali, chatulukira kunja ngati nyanga. Ndati tidule. Akuti sowo yake anabwereka mlamu wake, ali ku Kaseye.

"Chachitali ndicho chizuri, chabwino zedi, bwana. Phazi lipume."

Kunyumba ndapeza sutikesi ili pabedi, yotsegula. Anambewe akulongedza. Timalaya tija anasoka okha pamanja, kachipewa kaubweya kosakwana ngakhale chibakera changa, matewera. Andiona, ayesa kuitseka msanga.

Ndakhala pansi pakhomo. Nthabwala zandithera.

Akuti, "Ine sindikufuna kupita, bambo. Koma amayi akanena, anena."

Ndati mawa aona okha. Ndati njinga ili bwino, yangosintha maonekedwe. Iwo angomwetulira, atenga dzanja langa n'kuliika pamimba. Mwana wandimenya kachidendene, kolimba ndithu. Ameneyu ndikumufuna pano. Ndikufuna kulira kwake koyamba ndikumve ndi makutu anga, osati kuuzidwa ndi woyendetsa lole.

Ndapukutanso njinga. Ndasita buluku langa la ukwati.

Loweruka

Ndikulemba mwendo uli m'beseni la madzi amchere. Ndiyambire pati?

Pa Kapoka ndafika m'mamawa, basi yafika dzuwa lili pamutu. Anthu akutsika, ine maso pansi, ndikuyang'ana mapazi. Mapazi, mapazi, mapazi. Kenaka awo! Nsapato zakuda zapulasitiki, chala chaching'ono chokwera pa chinzake. Mwangozi maso anga akwera m'mwamba.

Abale! Kamunthu kakang'ono! Kochepetsetsa, koti mphepo ya ku Misuku n'kukanyamula. Mawu onse aja amatuluka m'menemu? Sabata yonse ndakhala ndikunyamula a Sibale, pamene mkono umodzi wa a Sibale ndi wolemera kuposa mayiwa.

Ndanjuta chapatali, ndikuyang'ana tayala la basi, ndikuwomba m'manja. Iwo ayang'ana kwina. Palibe Anambewe, palibe mwana woti atilankhulire. Ali ndi thumba la ufa, mkeka wokulunga, ndi nkhuku yathadzi m'khwapa. Ndiye ndamva mawu aja:

"Nkhuku iwe, afunse abambo ngati kunyumba adzuka bwino."

Ndayankha, "Nkhuku, auze amayi kuti tadzuka bwino, kaya iwo ayenda bwanji."

Nkhuku yangophethira.

Ufa tausiya pa sitolo kuti ubwere ndi lole. Mkeka ndauika pakati pathu m'malo mwa mtsamiro. Azungulira njinga, ayang'ana thabwa la sopo, ayang'ana nyanga ya Fundi. "Nkhuku iwe, galimoto imene ankanena m'kalata ija ndi imeneyi?" Ndati nkhuku iwauze kuti ndi yomweyi. Akwera. Njinga sinadziwe n'komwe kuti pakwera munthu.

Ndayamba pang'onopang'ono, giya yoyamba, mapazi pafupi ndi pansi. Mayi wina wosenza nkhuni watipitirira. Apongozi akhala phee, sakupendekera uku kapena uko, sakuimba, sakukuwa. Angokhala ngati dengu. Kenaka:

"Nkhuku iwe, kodi tifika chaka chino? Wodwala ndiye angafere panjira."

Mawu amenewa andilasa. Pamene pagona nkhani yonse ndi pomwepa! Giya yachiwiri. Yachitatu. Mphepo m'makutu. Njinga ikukwera phiri ngati ilibe kanthu, ine mtima ukuti onani, amayi, onani ambulansi!

Kona yakumanzere yaonekera.

Mutu ukudziwa kuti kumbuyo kuli kamunthu kopepuka. Thupi silikudziwa. Thupi likudikira a Sibale. Lagoneka njinga mwamphamvu zonse monga ndaliphunzitsira sabata yathunthu, ndipo kumbuyo kulibe wokoka. Nyanga ya Fundi yazika m'dothi, nji! Sinathyoke, ulemu wake ndimupatse. Njinga ndi imene yazungulira pa nyangayo ngati ng'ombe pa chikhomo, n'kutikhuthula.

Fumbi litachepa: apongozi akhala tsonga m'mizere ya mbatata ya munthu wina, nkhuku ili pamiyendo, duku silinasunthe. Ine chagada m'ngalande, njinga pamwendo, buluku la ukwati lang'ambika kuyambira pabondo mpaka kumene sindingalembe.

Sindingadzuke. Sindingawaitane. Iwo sangandiyang'ane.

"Nkhuku iwe," akutero apongozi, "afunse ngati ali moyo."

"Nkhuku, ndili moyo. Afunse ngati avulala."

"Auze ndili bwino. Mbatata ndi zofewa."

Kenaka ndamva mapazi akubwera chobwerera m'mbuyo. Afika chafutambuyo, maso kumwamba, apapasa mpaka agwira kaliyala, n'kukoka. Kamunthu kaja! Njinga yadzuka, mwendo ndausolola. Avula nsalu yawo yapamwamba n'kuiponya kudzera paphewa, yandigwera kumaso. Sananene kanthu, ngakhale kwa nkhuku.

Njinga yakana kulira. Giya yapindika, galasi limodzi latsala m'mbatata. Ndiye tayenda, iwo patsogolo ndi nkhuku, ine m'mbuyo patali ndithu, ndikukankha njinga ya boma, nditavala nsalu ya apongozi. Pa kona iliyonse akumaima, akumasuzumira kuphompho, n'kungoti, "Ha!" Makona a msewu umenewu ndi ambiri, ndipo "Ha!" aliyense amandichotsa nyama.

Pamsika tafika dzuwa litapendeka, anthu akadalipo. Atcheyamani andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsalu. Akuti, "Alangizi, ija inali ya a Sibale. Lero ndi ya chiyani?" Kenaka aona mayi ali patsogolo, avula chipewa, akhazika anyamata awo chete. A Sibale aimirira pakhonde pawo n'kuchita sawasha.

Anambewe atationa ayamba kuseka, kenaka akumbatira amayi awo, kuseka kwasanduka kulira. Alowa kuchipinda, atseka chitseko.

Ndaluza. Ambulansi yafika ikukankhidwa.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Bondo latupa, ndipo mpingo wonse unali pamsika dzulo.

Ndakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi njinga, tonse awiri olumala. M'nyumba akunong'onezana kuyambira m'mawa. Ndikumva dzina la Ntcheu, ndikumva "msewu", ndikumva "Ha!" Ndikuwerengera m'mutu kuti lole ya khofi itsika liti, ndi kuti ndidzaima pati powatsanzika kuti anthu asaone nkhope yanga.

Nkhuku yaphedwa. Alamula ndi apongozi eni ake. Akuti yaona zambiri, ingakanene kumudzi. Ndamva chisoni, tinagwira nayo ntchito bwino. Anambewe andibweretsera ntchafu yonse ndi chiwindi, akuti amayi ati zipite kwa wovulala.

Ndikudya, ndamva mapazi aja. Aima pa ngodya ya nyumba, andifulatira, akuyang'ana ku Mughese. Nkhuku kulibe. Anambewe ali kukhitchini. Ndayang'ana uku ndi uku kufuna amene alankhule naye, palibe, ngakhale galu.

"Bambo."

Ine! Akunena ine! Fupa landitsamwa.

"Bambo, munayesetsa. Koma mwana wanga satsika msewu umenewu ndi mimba. Kaya pa njinga, kaya pa lole, kaya kumsana. Ndauona ndi maso anga. Achirira konkuno, ine ndilipo."

Atero n'kumapita. Ine ndawomba m'manja kwa nthawi yaitali, ndikuwombera khoma. Misozi ndithu, bambo wamkulu, ntchafu ya nkhuku m'mbale. Mwana wanga adzalirira m'nyumba muno, ndipo ndidzamumva!

Ndidzamumva kudzera pakhoma, chifukwa nyumbayi ndi ya zipinda ziwiri, ndipo mkamwini sangagone chitseko chimodzi ndi apongozi. Anambewe andisesera kale mosungira katundu, pakati pa matumba a feteleza ndi mpope wopanda mkono. Akuti n'kofunda, ndipo njinga ndizigona nayo kuti isasungulumwe.

Ndawafunsa monong'ona kuti amayi akhala mpaka liti. Mwana akabadwa? Akatuluka m'chikuta? Akayamba kukwawa?

Apita kukafunsa. Abwerera akudziluma milomo.

Akuti mpaka boma litawongola msewu.

Ndapempha bulangete lachiwiri.